Mphoto ya otsegula khomo: mmene mungayamikire amene afikitsa zaluso kwa anthu aulumali

Zaka zingapo zapitazo ndinali m'komiti yokonza mpikisano wa zisudzo wa masukulu a kwathu. Tinagwirizana kuti tsiku lomaliza tiyamikire mayi wina, mphunzitsi, amene kwa nthawi yaitali ankaphunzitsa zisudzo ana osamva pamodzi ndi anzawo akumva. Satifiketi tinasindikiza, mlendo wolemekezeka tinamuitana, nsalu ya patebulo tinabwereka. Chimene palibe anachiganizira n'chakuti mayiwo amayendera njinga ya olumala, pomwe siteji ya holoyo inali ndi masitepe asanu. Dzina lawo litatchulidwa, anyamata anayi anathamanga n'kuwanyamula ndi njinga yomwe, anthu akuwomba m'manja. Ana awo osamva aja anali kumbuyo kwenikweni, opanda wowamasulira, moti sanadziwe n'komwe kuti aphunzitsi awo akutamandidwa chifukwa cha iwo. Manyazi a tsiku limenelo sanandichoke mpaka lero, ndipo ndi amene andilembetsa malangizowa.

Ndikulembera inu amene muli m'bungwe la oimba, la alakatuli kapena la azisudzo, inu a komiti ya chikondwerero, a ku khonsolo, ngakhale a kumpingo amene mumakonza mipikisano ya makwaya. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'mwamba kuno ku Malawi ali ndi ulumali, ndipo anawerenga anthu achialubino 134,636. Mukadzapita ku chionetsero chotsatira, mudzaponye maso m'holo muone ngati munthu mmodzi mwa khumi aliwonse ali waulumali. Malamulo alipo. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo gawo 30 la panganolo limanena za ufulu wotenga nawo mbali pa zachikhalidwe ndi zisangalalo. Lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024 linalowa m'malo mwa la 2012, n'kukhazikitsa MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, pamene panali MACOHA. Koma eni maholo ndi okonza zionetsero amatengera msanga zimene aona mnzawo akuwomberedwa nazo m'manja kuposa zimene zalembedwa m'buku la malamulo. Ntchito ya mphoto yabwino ili pamenepo.

Choyamba: gwirizanani chimene mukuyamikira

Apa ndiye pamene makomiti ambiri amasokonekera, choncho musafulumirepo. Kampani imene yapereka njinga khumi za olumala pamaso pa atolankhani yachita zachifundo, ndipo ithokozedwe, koma mphoto iyi si yake. Mphotoyi ndi ya munthu kapena gulu limene lasintha kachitidwe ka zinthu, kotero kuti munthu waulumali amene kale ankabwerera pakhomo tsopano amalowa yekha, amamva kapena kuona zimene zikuchitika, ndipo akabweranso chaka chamawa adzapeza zili chimodzimodzi.

Makomo ake ndi atatu. Pali khomo la oonera: kodi wosaona, wosamva, woyenda ndi ndodo, kapena mwana amene ubongo wake umagwira zinthu pang'onopang'ono angasangalale nawo? Pali khomo la pasiteji: kodi woimba kapena wosewera waulumali amapatsidwa nthawi yabwino ndi malipiro ofanana ndi anzake, kapena amangomuika masana kulibe anthu kuti chithunzi chipezeke? Lachitatu ndi khomo la m'chipinda chimene mumagwa mfundo, ndipo ndi limene limakhala lokhoma kwambiri: kodi m'komiti, mwa olembedwa ntchito, mwa osankha oimba, muli munthu waulumali?

Musaphatikize mphotoyi ndi ya "woimba waulumali wopambana". Aluso aulumali sitinawasowepo. Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anali wosaona, anavinitsa dziko lonse ndi banjo yake ndi gulu la Chimvu River mpaka pamene anatisiya mu 1995. Lazarus Chigwandali, woimba wachialubino, anachoka m'misewu ya Lilongwe ndi banjo yopanga yekha, nyimbo zake n'kukamveka kunja kwa dziko. Anthu otere apikisane ndi oimba anzawo m'magawo a onse. Chimene mukufufuza inu ndi utsogoleri, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti mtsogoleriyo ndi waulumali mwini wake, amene anatopa ndi kudikira n'kuyamba kukonza zinthu.

Lembani zimene mwagwirizanazi patsamba limodzi, m'Chichewa chosavuta. Zikakana kukwana patsamba limodzi ndiye kuti simunagwirizane.

Chachiwiri: oweruza akhale eni nkhani

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa oweruza asanu, atatu akhale aulumali. Pa asanu ndi awiri, anayi. Ndipo asakhale a ulumali umodzi, chifukwa woyendera njinga sadziwa zimene wosamva amakumana nazo, ndipo wosamva sangakuuzeni ngati kapepala ka ndondomeko kakuwerengeka kwa munthu wachialubino amene maso ake saona bwino zilembo zazing'ono.

Kowapeza sikosowa. FEDOMA imasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali. MANAD ndi ya osamva, Malawi Union of the Blind ndi ya osaona, APAM ndi ya achialubino, PODCAM ndi ya makolo a ana aulumali. Lemberani kalata, pemphani kuti akutumizireni munthu wokonda zaluso, osati woti angodzaza mpando. Amayi asasowe. Muikemonso mmodzi kapena awiri odziwa mmene chionetsero chimayendera kuseri, odziwa mtengo wa jenereta ndi wa zokuzira mawu, kuti chigamulo chisakhale chongolota.

Oweruzawa muwalipire. Muwerengenso thiransipoti ya wowaperekeza ndi malipiro a womasulira chinenero chamanja pa msonkhano uliwonse. Kuitana munthu kuti adzakupatseni nzeru kwaulere chifukwa choti "nkhaniyi ndi yawo yomwe" ndi kumudyera masuku pamutu.

Chachitatu: magawo akhale ochepa

Ku America, John F. Kennedy Center, nyumba yaikulu ya zaluso ya ku Washington, inayamba mu 2000 kusonkhanitsa anthu ogwira ntchito imeneyi pansi pa dzina lakuti LEAD, ndipo pambuyo pake inayambanso kupereka mphoto pa msonkhano wawo. Chimene ndimatolapo n'chakuti amasiyanitsa wongoyamba kumene ndi amene wakhala pa ntchitoyi zaka zambiri. Inunso chitani chimodzimodzi: gawo la munthu amene wapirira nthawi yaitali, gawo la wachinyamata kapena watsopano, ndi gawo la malo kapena gulu. Atatu akwana. Mukawachulukitsa, aliyense amapita kwawo ndi chikho, ndipo chikhocho chimatha mphamvu.

Chachinayi: njira yotchulira maina

Fomu ya masamba asanu ya m'Chingerezi, yoti munthu akaitsitse pa intaneti, yatsekera kale kunja anthu amene akudziwa bwino yankho. Lolani kuti munthu atchule dzina m'njira iliyonse imene angathe: uthenga wa mawu pa WhatsApp, kanema wa chinenero chamanja, kuimba foni wina n'kumulembera, kalata ya pamanja, kapena ya zilembo za Braille zimene osaona amawerenga ndi zala. Mafunso akhale anayi basi. Ndani? Anasintha chiyani? Kuyambira liti? Ndani waulumali amene angachitire umboni?

Lengezani pa wailesi ya m'dera, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, m'masukulu amene ali ndi zipinda za ana ofunika thandizo lapadera, ndiponso kudzera m'mabungwe aja. Kumbukirani kuti chilengezo cha pa wailesi sichifika kwa wosamva, ndipo chithunzi cha pa Facebook chimene mawu onse ali m'kati mwa chithunzicho foni ya wosaona kawirikawiri siimuwerengera bwino. Mawuwo alembedwenso pansi pake. Perekani masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa.

Kuvota kwa pa foni, kumene wopambana amakhala wotumiziridwa mauthenga ambiri, musakulole pa mphoto iyi. Kumapambanitsa wotchuka ndi wa ndalama za mayunitsi. Mayi wa kumudzi amene wakhala akufotokozera osaona zisudzo za kutchalitchi kwa zaka khumi sangaonekeko.

Chachisanu: pitani mukaone nokha, osalengeza

Gawo ili ndi limene limapatsa mphoto ulemu, ndipo ndi limene limadya nthawi. Ku Britain kuli bungwe lotchedwa Attitude is Everything, limene linayambitsidwa mu 2000 ndi Suzanne Bull, wokonda nyimbo amene amayendera njinga ya olumala. Iwo amatumiza anthu aulumali ku zoimbaimba ngati oonera wamba, akabwerako n'kulemba zimene akumana nazo, ndipo malo amapatsidwa mulingo monga wa Bronze, Silver kapena Gold. Nzeru imeneyi siifuna ndalama zambiri. Gulirani matikiti anthu awiri kapena atatu a ulumali wosiyana, apite mwakachetechete ku malo kapena chionetsero chimene chatchulidwa.

Ayambire kutali, pamene nkhani ya chionetserocho anaimvera. Kenaka pamsewu: kuchoka potsikira minibasi kapena kabaza kufika pageti, kodi pali ngalande yosavindikira, mchenga wozama, miyala? Pageti, alonda amulandira bwanji? Amalankhula ndi iye mwini kapena amafunsa womuperekeza ngati iye kulibe? Womuperekezayo amulipiritsa tikiti yachiwiri? Malo amene aganiza bwino salipiritsa, chifukwa munthuyo wabwera kudzagwira ntchito.

Atenge tepi yoyezera. Rampu, njira yotsetsereka yokwerera m'malo mwa masitepe, ikakhala yabwino imatalika masentimita 12 pa sentimita iliyonse ya kukwera kwake: sitepe ya masentimita 15 imafuna rampu ya mita 1.8, siteji ya masentimita 60 imafuna yoposa mamita 7. Ndaonapo marampu ambiri owakidwa ndi mtima wabwino koma otsetsereka ngati chulu, oti munthu sangakwere yekha ndipo potsika akhoza kugubuduka. Khomo likhale pafupifupi masentimita 90 mulifupi, ndipo njinga imafuna bwalo la masentimita 150 kuti itembenuke. Chimbudzi asachiphonye. Munthu akadziwa kuti sakatha kulowa m'chimbudzi, amasiya kumwa madzi kuyambira m'mawa, kapena sabwera n'komwe. Aone ngati chili ndi chogwirira, ngati chitseko chimatsekeka njinga ili m'kati, ndiponso ngati sanachisandutse mosungira matsache ndi mabaketi.

M'kati, aone pokhala. Kuika onse oyendera njinga pakona imodzi kuseri kwa zokuzira mawu, kutali ndi abale awo, si kuwalandira. Pa zoimbaimba zoimirira, anthu akadzuka kuvina, wokhala pansi amangoona misana, choncho pamafunika pamalo pokwera pamene angaone siteji.

Wosamva aone womasulira: waima pamene kuwala kukumufika nkhope ndi manja, kapena magetsi akazima naye amazimirira? Alipo awiri osinthana pakatha mphindi 20 kapena 30, kapena mmodzi amene pofika pakati manja alema? Anapatsidwa mawu a nyimbo ndi sewerolo pasadakhale? Ndakatulo ya Chichewa yodzaza miyambi siimasulirika bwino munthu akuimva koyamba. Ndipo amene angaweruze ngati kumasulirako kukumveka ndi wosamva yekha; ife akumva timangoona manja akuyenda n'kukhutira.

Wosaona aone ngati pali womufotokozera chapansipansi zimene zikuchitika pamene osewera ali chete: kuti wina walowa, wabisa kalata m'thumba, wagwada. Magulu ena amalola osaona kufika msanga kuti akhudze zovala, ng'oma ndi katundu wa pasiteji, ndipo kosungirako zinthu zakale kapena koonetsera ziboliboli angasankhe zingapo zoti zigwiridwe. Pano pafunika ulemu: za gule wamkulu zili ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo chimene chingakhudzidwe kapena kufotokozedwa amanena ndi akuluakulu a mwambowo. Wokonza chikondwerero amene anakhala nawo pansi n'kupeza njira yolemekeza mwambo komanso mlendo wosaona, ameneyo ndiye mtsogoleri amene mukumufuna.

Wachialubino aone mthunzi. Miyambo yathu yambiri imachitikira pabwalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo tenti imakhala ya mafumu ndi andale okha. Aonenso ngati angakhale kutsogolo ndi ngati ndondomeko ilipo ya zilembo zazikulu, za mulingo 18 kapena kuposa. Magetsi ophethira mofulumira amatha kugwetsa ena mwa odwala khunyu, ndiye pakhale chenjezo pakhomo. Kholo la mwana amene phokoso limamusokoneza lione ngati pali malo abata otulukirako n'kubwereranso popanda kukalipiridwa.

Akabwerako, muwafunse funso limodzi musanatsegule mapepala awo: mungapitekonso ndi ndalama zanu?

Chachisanu ndi chimodzi: kugamula

Oweruza akhale pansi ndi maumboni onse. Amene ali pachibale kapena pa ubale wa ntchito ndi wotchulidwa anene poyera n'kutuluka pokambirana dzinalo. Mafunso olemera ndi awa: kodi anthu aulumali anafunsidwa zinthu zisanachitike, kapena anangozipeza zitatha? Kodi zili m'bajeti ya chaka ndi chaka, kapena zinachitika kamodzi chifukwa wopereka thandizo anakakamiza? Munthuyu atachoka mawa, zingapitirire? Alipo ena amene atengera kwa iye?

Muyeze aliyense ndi zimene ali nazo. Hotela yaikulu imene yaika rampu yangotsata lamulo. Gulu la zisudzo la pa boma limene lilibe ngakhale ofesi, koma limapatula gawo la ndalama za pakhomo kulipira womasulira pa chionetsero chilichonse, lachita zazikulu kuposa hotelayo. Ndipo ngati chaka china palibe woyenera m'gawo lina, musapereke. Zimawawa kulengeza choncho, koma chaka chotsatira anthu amadziwa kuti mphotoyo si yongogawa.

Chachisanu ndi chiwiri: mupereke chiyani

Chikho chokha chimakathera pa kabati. Ngati muli ndi kandalama, kaperekeni kuti kapitirize ntchitoyo: malipiro a omasulira a zionetsero zingapo, simenti ya rampu, kusindikiza ndondomeko m'zilembo za Braille. Ngati mulibe, pemphani wailesi ipereke nthawi yoti wopambana afotokoze mmene anachitira, kapena mwini holo apereke tsiku laulere. Chikhocho chisemedwe ndi mmisiri waulumali, alipidwe mtengo wake wonse, ndipo chikhale chomveka m'manja kuti wosaona achidziwe pochigwira.

Chachisanu ndi chitatu: tsiku la mwambo

Zonse zimene munakayeza kwa ena, tsopano zikuyezedwa pa inu. Holo muisankhe limodzi ndi oweruza aja, muyende nawo kuyambira pageti mpaka kuchimbudzi. Siteji ikakhala yopanda rampu, musanyamule munthu. Tsitsani mwambo wonse pansi: mlendo wolemekezeka, wotsogolera mwambo ndi opambana onse, aulumali ndi opanda ulumali, alandirire pamalo amodzi. Maikolofoni ikhale yotsika ndi kukwera. Omasulira muwapeze kukadali mwezi wathunthu, chifukwa ndi ochepa ndipo amalimbiranidwa. Mayina a opambana ndi zolankhula muwapatse dzulo lake.

Ambiri amakonda 3 Disembala, tsiku la anthu aulumali padziko lonse. Ndi tsiku labwino, koma kwathu kuno ndi nthawi ya mvula, matope amamiza mawilo, ndipo atsogoleri a mabungwe ndi omasulira amakhala atatengedwa kale ndi miyambo ina. Pali 23 Seputembala, tsiku la zinenero zamanja, ndi 13 Juni, tsiku la anthu achialubino. Ine ndimakonda kuti mphotoyi iperekedwe pa mwambo waukulu wa mphoto zonse za zaluso, pakati pa pulogalamu, pamene holo yadzaza, chifukwa ofunika kuimva ndi eni maholo ndi okonza zionetsero.

Mwambo uthe kusanade, kapena mukonze galimoto yotula anthu pakhomo. Tonse tikudziwa za kuphedwa ndi kubedwa kwa abale athu achialubino kumene kunakula kuyambira cha m'ma 2014. Musalengeze mudzi kapena nyumba imene munthu amakhala, ndipo musajambule aliyense, makamaka ana, musanapemphe.

Wotsogolera mwambo mukhale naye pansi. Mawu onga "ngakhale ndi wolumala", "ovutikawa", "osowa pogwira" asatuluke pakamwa pake, ndipo mayina onyoza amene tinakula tikuwamva asayerekeze ngakhale mwanthabwala. Mawu oyamikira wopambana anene zimene anachita, mwatchutchutchu: kuti kuyambira chaka chakuti sewero lililonse la gululi limakhala ndi womasulira, kuti anagwetsa sitepe ya pakhomo, kuti analemba ntchito wosaona woyang'anira zokuzira mawu. Mwini holo wina amene wakhala kumbuyo atuluke akudziwa choti akayambe Lolemba. Ndipo amene akuchitira umboni pasiteji akhale woonera waulumali amene anapindula, alankhule yekha, m'chinenero chake, kaya chapakamwa kaya chamanja.

Chachisanu ndi chinayi: mwambo ukatha

Onse amene anatchulidwa koma sanapambane muwalembere kalata yachinsinsi: zimene alendo anu aja, amene munawatumiza mwakachetechete, anapeza zabwino, ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zoti akonze, kuyambira chotsika mtengo. Musawachititse manyazi pagulu. Ambiri sanauzidwepo ndi munthu kuti chitseko cha chimbudzi chawo chimatsekukira m'kati n'kutsekereza njinga. Muikemo nambala ya bungwe limene lingawathandize kupeza womasulira kapena kuyeza rampu.

Wopambana mumupemphe chinthu chimodzi: alandire anzake a ntchito yomweyo tsiku limodzi pamalo pake, awaonetse mmene amachitira ndi ndalama zimene zimalowa. Pakatha miyezi 12, tumizaninso alendo aja mwakachetechete, ndi tepi yawo yoyezera, akaone ngati womasulira akadalipo ndi ngati chimbudzi chija chikadali chotsekula. Zimene akapeze muziwerenge pa msonkhano woyamba wa komiti, musanatsegule kalata za maina a chaka chatsopano.